Ndalama za usipa amawerenga, buku ndiye limamukanika

Lolemba ndinalawirira mwera ukuwomba, kupalasa njinga kupita kusukulu ina ya m'mbali mwa nyanja, chaku Senga Bay. Ndine mphunzitsi wa ana amene amavutika kuphunzira. Ntchitoyi ndinakaiphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo kuno ku Salima ndimayendera sukulu zinayi za m'zoni yathu.

Madamu a Sitandade 4 anandilandirira pakhomo. "Aphunzitsi, mwana ndinkanena uja ndi uyo wakhala kukhomayo. Ine ndayesetsa, koma mutu wake ndi wouma." Mawu amenewa amandipweteka, komabe sindinawaimbe mlandu. Munthu mmodzi, ana oposa 100 okhala pansi, angamuonetsetse nthawi yanji mwana mmodzi?

Mnyamatayo ali ndi zaka 13, ndipo wabwerezapo makalasi awiri. Ndinamutengera pansi pa mtengo wa mango. Ndinayamba ndi maso ndi makutu, chifukwa ana ena amene amatchedwa mbuli amangokhala kuti saona bwino pabolodi kapena akutuluka mafinya m'khutu. Iye zonse zinali bwino. Nditamupatsa buku la Sitandade 1, ankayang'ana chithunzi n'kumalota mawu. Pa "bala" anawerenga "dala", thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Ndinatseka bukulo.

"Iwe, ukagulitsa milu 7 ya usipa, mulu umodzi K500, ulandira zingati?"

"K3,500, Sala. Akakupatsani K5,000 muwabwezere K1,500."

Za chenji sindinamufunse n'komwe. Mwana wotere nzeru ali nazo. Chimene chimamuvuta ndi kulumikiza lembo ndi liwu lake, vuto limene m'mabuku athu amalitcha dyslexia. Ndodo siichotsa, ndipo kubwereza kalasi ukuphunzitsidwa mwa njira yomweyomweyo kumangomuwonjezera manyazi.

Lachiwiri ndinali kusukulu ina, kwa mtsikana amene anayamba kudwala khunyu atachira malungo aakulu. Mankhwala ake amamugonetsa, choncho tinagwirizana ndi aphunzitsi ake kuti ntchito yovuta azimupatsa pa nthawi imene ali maso bwino. Madzulo ndinalemba ndondomeko ya mnyamata uja: zimene akudziwa kale, ndi chimodzi chokha choti achidziwe sabata ino.

Lachitatu ndinabwerera ndi chitini cha zitsekerero za mabotolo, dongo ndi mbale ya mchenga wonyowa. Ku koleji ankati TALULAR, kuphunzitsa ndi zimene zili pafupi, ndipo kunyanja kuno mchenga sugulidwa. Tinatenga lembo la b lokha. La d ndinalibisa dala, chifukwa malembo ofanana ukawabweretsa tsiku limodzi, mwana wotere amangowasakaniza. Ankalemba ndi chala pamchenga akutchula liwu lake, ine ndikumukumbutsa kuti, "Ndodo kaye, kenako mimba kutsogolo." Anafufuta, kulembanso, kufufuta. Kenako analiumba ndi dongo, natseka maso n'kulipapasa. Diso, khutu, pakamwa ndi chala zikamagwira ntchito pamodzi, lembo limakhazikika.

Chichewa chathu chimatithandiza, chifukwa mawu ambiri amalembedwa mmene amamvekera. M'kati mwa zitsekerero ndinalembamo maphatikizo: ba, be, bi, bo, bu, ndi la, le, li, lo, lu amene ankawadziwa kale. Ndinamuyandikizira ba ndi la. Anatchula mwapang'onopang'ono mpaka anamva yekha kuti ndi "bala". Ndikuyang'ana kumbali, anachotsa ba n'kuikapo bo.

"Bo... la. Bola! Sala, apa palembedwa kuti bola!"

Anandiyang'ana ngati akufunsa ngati n'zololedwa. Tinalekera pomwepo, patangotha mphindi 20, asanatope.

Lachinayi masana mayi wina wa mother group, gulu la amayi othandiza ana pasukulu, anandiperekeza kwa agogo ake a mnyamatayo, amene amamulera. Tinawapeza akuyanika usipa pathandala.

"Aphunzitsi, mwanayu anamulodza ali wakhanda. Amalume ake akuti angoyamba kupita nawo kunyanja, sukulu yamukana."

"Agogo, sukulu sinamukane. Ife ndi amene tinachedwa kupeza njira yake."

Sindinalimbane nawo pa za ufiti. Ndinangomuuza mdzukulu wawo kuti ayale zitsekerero zija pamphasa, nawawerengera "bola" ndi "bulu". Agogo sadziwa kuwerenga, koma anagwira pakamwa. Ndinawapempha zinthu ziwiri: masiku a sukulu asamapite kokasodza usiku, chifukwa amafika m'kalasi akuwodzera, ndiponso madzulo aliwonse aziwaphunzitsa iwowo maphatikizowo. Anaseka n'kuvomera. Za amalume anati akambirana okha.

Lachisanu theka la zimene tinachita linali litauluka. Mimba ya b inabwereranso kumbuyo. Ndi mmene zimakhalira, ndipo n'chifukwa chake ulendo wanga wa apo ndi apo sungakwanire popanda mphunzitsi wa m'kalasi. Maphunziro aulere a 1994 anadzaza makalasi, National Reading Programme ya 2016 inabweretsa kuphunzitsa maliwu a malembo, zomwe ndimaziyamikira, koma kalasi yonse imayenda liwiro limodzi, ndipo wotsalira amatsaliratu. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti ku Sitandade 5 maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, chimene malembo ake satchulidwa mofanana nthawi zonse.

Ndinakhala pansi ndi madamu aja pa nthawi yopuma. Ndinawapempha kuti amukhazike kutsogolo, asamamuimiritse mwadzidzidzi kuti awerenge pamaso pa anzake, mafunso ena azimufunsa pakamwa, komanso amupatse mphindi 10 akaweruka. Nditawauza za chenji cha usipa, anakhala chete kanthawi.

"Ndiye chitinicho mundisiyire, Aphunzitsi. Ndizisunga m'chikwama mwanga, ana angamwaze."

Ndinawasiyira, ine ndikatola zitsekerero zina ku Kamuzu Road. M'ndondomeko ya sabata yamawa ndalemba kuti tibwereze b. Lembo la d liyambe ladikira.