Tsiku lomwe Flames inagoletsa zigoli 9

Ndamva kuti nkhaniyi yafika mpaka kwa apongozi anga ku Ntcheu, ndipo kumeneko akuti ndinathamanga mumsewu osavala. Limenelo ndi bodza. Ndinavala chitenje cha mayi a kunyumba ndi jekete la suti pamwamba, chifukwa mu Meyi kuno ku Ndirande kumazizira, komanso munthu ukadzidzimuka umatola chomwe chili pafupi.

Woyambitsa zonsezi ndi mwana wa achemwali anga. Ndiye ananditsegulira Twitter, nthawi imeneyo Elon Musk asanaigule n'kuitcha X. Anati, "Ankolo, kuno si ku Facebook kopatsana moni. Lembani mawu a chinthu chomwe mumakonda pofufuzirapa, mutsogoze kachizindikiro aka ka #, nkhani zake zizikupezani zokha." Tsono Mmalawi mu 2022 akanalemba chiyani? Miyezi inayi inali isanakwane chigoletsereni Gabadinho Mhango chigoli chija cha patali ku Cameroon, goloboyi wa Morocco n'kungotsala kukamwa yasa. Tinagonja 2-1, inde, koma tinkayendabe mapewa ali m'mwamba. Ndinalemba #Flames. Foni inanditulutsira maakaunti angapo a dzina limenelo, ndipo ine, posafuna kukondera, ndinawatsatira onse. Ina inali ndi chizindikiro chofiira cha malawi a moto. Mukanakhala inu mukanakayika chiyani?

Lachinayi pa 19 Meyi, kutangocha, foni inalira. Flames 9, Oilers 6.

Ndinapukuta manthongo n'kuwerenganso. Naini. Ndinatembenuza foni kuti mwina ndi 6 wozondoka, koma 6 uja ndi amene anasanduka 9, ndiye kulikonse tinali titapambanabe. Musaganize kuti sindinadzifunse mafunso. Oilers ndi ndani? Ndinati ndi dziko lokumba mafuta, Nigeria kapena Angola. Ndikudziwa kuti a Nigeria ndi Super Eagles, koma ngati anthu amasintha maina akakwatiwa, timu ingalephere bwanji? Nanga bwanji wailesi sinaulutse? Ndinati magetsi anazima. Nanga kusewera usiku wonse? Ndinati ndi zakunja, nthawi zimasiyana. Funso lililonse linali ndi yankho lake, ndipo ndinapeza ngakhale mpata wokwiyira otchinga kumbuyo athu. Zigoli 6 kulowa, anali akugona? Wogoletsa zitatu yekha anali Tkachuk. Dzinalo ndinalitchula kangapo lilime likukana, kenako ndinagamula kuti ndi mwana wathu wobadwira kunja, agogo ake ayenera kuti ndi a ku Mzimba.

Ndinatsitsa vuvuzela yanga ya 2010 pamwamba pa kabati. Ndisanatuluke ndinalemba pa gulu la WhatsApp la abambo a kutchalitchi kuti, "Abale, Mulungu wayankha. Naini!"

Apa mumvetsetse bwino, chifukwa onena nkhaniyi amadumphapo. Sindinavine ndekha. Amayi omwe anali pamzere wa madzi anasiya zidebe n'kuyamba nthungululu. Mnyamata wa kabaza anaimika njinga, akuliza hutala. Kondakitala wa minibasi anatulutsa theka la thupi pawindo akukuwa "Malawi moto!" mpaka galimoto inakhota. Aneba anga, munthu wamkulu wopuma pantchito ya uphunzitsi, anandikumbatira misozi ili lengelenge, akuti sankayembekeza kudzaona zotere asanamwalire. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti tasewera ndi ndani. Chimwemwe chitandikwera, ndinauza mayi wogulitsa mandasi kuti aliyense atenge limodzi, ndilipira ndine. Ena anamva ngati ndanena kuti atatu.

Kenako kunatulukira kamtsikana ka yunifolomu, chikwama kumsana. Kanati, "Bambo, tationetsani zigolizo."

Ndinadina vidiyo monyada, anthu ataunjikana mpaka kundipumira m'khosi. Bwalo linali loyera mbuu. Ndinati, "Ndi kuwala kwa magetsi a kunja." Kunabwera anthu ovala zofiira, ndinati, "Athu amenewo!" Koma athuwo anali atavala zipewa zolimba kumutu, mapewa otupa, ndipo sankathamanga, ankangotsetsereka. Aliyense anali ndi ndodo yopindika kumapeto. Aneba anavala magalasi. Ine ndinayandikitsa foni kumaso, ndikusakasaka Gaba. Ndinamusaka kumanja, ndinamusaka kumanzere, ndinayang'ana ngakhale m'gulu la oonerera. Ndinati, "Mwina amupumitsa." Golo lake linali kakang'ono ngati khola la nkhuku, goloboyi atadzaza lonse ndi thupi lake. Mpira sunkaoneka. Pambuyo pake tinaona kanthu kakuda kophwatalala kakuthamanga pansi, anthu asikisi akukalimbirana ndi ndodo, wina n'kumuwombetsa mnzake kukhoma, oimbira masewero osaimba wezulo n'komwe. Mnyamata wa kabaza anafunsa motsitsa mawu, "Madala, kodi azunguwa tawagula liti?"

Kamtsikana kaja kanawerenga zomwe zinalembedwa pansi pa vidiyo. Calgary Flames, ku Canada. Masewero a pa madzi oundana otchedwa ice hockey. Oilers ndi a mumzinda wa Edmonton, ndipo matimu awiriwa ndi a chigawo chimodzi cha Alberta, odana ngati... apa sindipitiriza, mukudziwa nokha mmene zimakhalira Bullets ikakumana ndi Manoma.

Panali zii. Vuvuzela inali idakali pakamwa, ndipo ndinasowa njira yoitsitsira mwaulemu. Ndinaitsitsa pang'onopang'ono, n'kuibisa m'jekete, theka lili panja. Mayi wa mandasi anali atayamba kale kuwerengetsa ndi zala. Nthawi yomweyo mayi a kunyumba anafika, anaima patsogolo panga n'kunena mofatsa, anthu onse akumva, "Bambo, mukamaliza kusangalala mundipatse chitenjecho, ndikupita kuchigayo."

Ku gulu la kutchalitchi abusa anali atayankha kale kuti "Amen", ndipo mpaka lero sanaufufute.

Mwana wa achemwali uja atabwera madzulo, anaseka mpaka kukhala pansi, kenako n'kuyamba kundiphunzitsa zomwe akanandiuza tsiku loyamba. Akuti makinawo sadziwa kuti iwe uli ku Ndirande, amangotola paliponse pomwe mawu ako alembedwa, kaya ndi timu, kaya ndi moto wa m'tchire. Akuti ndikanawonjezera mawu oti Malawi, komanso ndikanawerenga zomwe mwini akaunti walemba pansi pa dzina lake ndisanamutsatire. Ndinamufunsa kuti nzeru zonsezi zinali kuti pamene ankandimwera tiyi wanga. Anati iye ankaganiza kuti ndikudziwa.

Popeza ndalama za mandasi zinali zitapita kale, ndinaona kuti kuisiya timuyo n'kuluza kawiri. Ndinayamba kuitsatira. Ndinamva kuti inatengapo chikho chawo chachikulu, Stanley Cup, mu 1989, ndinati basi, iyi ndi timu ya mbiri. Masewero anayi otsatira inagonja onse kwa Oilers yomweyo n'kutuluka mumpikisano. Ndinkadzuka 4 koloko m'mawa, bandulo ikutha, kuti ndikhumudwitsidwe ndi anthu oti sadziwa kuti Malawi ali mbali iti.

Panopa ana a m'dera lino akandiona amakuwa "a Canada!" Aneba sanandibwezerebe gawo lawo la mandasi, ndipo anadya anayi.