Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Za maungu aja mwawaona pawindo

Abale anga mwandivutitsa ku inbox kuti gawo lina lituluka liti, ndabwera. Zikomo nonse amene munandilimbitsa mtima pa nkhani ija ya kusiyana kwathu ndi bambo a ana, makamaka inu mayi a ku Ndirande munandilembera uthenga wautali pakati pa usiku, Mulungu akudalitseni. Ndimafuna tipitirize pomwe tinalekezera, nditangoyamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba kuno ku Manchester, koma chithunzi cha maungu ndinaika sabata yatha chija chabutsa mapokoso, mpaka bambo wina kulemba kuti ndalowa zaufiti kunoko. Bambo inu, khalani pansi muwerenge bwino, chifukwa nkhaniyi ndi ya nthawi yomweyo.

Chaka changa choyamba, Okutobala atafika masamba ayamba kuyoyoka, kunja kukuda msanga, ndinangoona m'masitolo akuluakulu a Tesco ndi Asda maungu adzadza m'makatoni akuluakulu pakhomo penipeni. Ine mtima phee kuti basi ndapeza zakwathu. Anzanga kuntchito kundiseka, ati amenewa si odya, ngosema nkhope, pa 31 Okutobala ndi Halloween, tsiku limene anthu kuno amasangalala povala ngati mizukwa ndi mfiti. Amadula pamwamba ngati chivundikiro, kukolopola zam'kati zonse ndi supuni, kujambula maso ndi mano n'kubowola, kenako kandulo mkati n'kuika pakhomo. Pakangotha masiku ochepa dzungu lija lafota, lachita nkhungu, lapita kubini.

A manijala anandiuza kuti ndithandize kukongoletsa holo. Anandipatsa mpeni ndi dzungu. Ndinalephera. Manja ankangonjenjemera, ndinathawira kutoileti kukalira, ndipo palibe amene anamvetsa.

Inu amene munawerenga gawo lachitatu mukudziwa kuti njala ya 2002 inatipeza ku Kasungu. Sindinafotokoze zonse nthawi imene ija chifukwa mtima sunkalola. Njala ija inafika povuta mu Febuluwale, chimanga cham'munda chisanakhwime, gaga amene timapatsa nkhumba anthu akulimbirana, ena akukumba zitsinde za nthochi n'kusinja. Kwathu chimene chinatsala chinali nkhwani. Nkhwani wopanda nsinjiro, wopanda tomato, kaŵirikaŵiri ngakhale mchere, m'mawa nkhwani madzulo nkhwani mpaka m'mimba kumangotsegula. Amayi ankagona kumunda kulondera, chifukwa anthu ankathyola ngakhale tiana ta maungu tosakhwima. Tsiku lina anabwera ndi kadzungu kamodzi atakabisa m'chitenje, kanthete, khungu lake ukalidina ndi chala likulowa. Anakaphika, n'kukagawa kwa ife ana. Titawafunsa kuti nanga inu amayi, anati ine ndadya kale kumunda. Ndinali wamkulu ine, ndinadziwa kuti akunama, ndipo nditazungulira kuseri kwa khitchini ndinawapeza akumwa madzi ophikira aja kuchokera mumphika. Anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana, palibe analankhula. Mlongo wanga wamng'ono, chitsirizira chathu chija, miyendo inali itatupa kale, tsitsi lafiira, sankaliranso n'komwe, ankangotsatira munthu ndi maso. Chidutswa chake anachigwira m'manja nthawi yaitali osadya. Tinamuika m'manda mu Malichi. Patangopita masabata ochepa maungu anakhwima munda wonse, ambirimbiri moti ena tinkagawira anthu, ndipo amayi chaka chimenecho sanalawe olo limodzi.

Ndiye mundiuze ine ndiseme mano pa dzungu kuti liwolere pakhomo?

Zaka zinadutsa, sukulu, banja, ana, ulendo wakuno, zonse munawerenga kale.

Amene anandimvetsa anali agogo aja a ku Scotland amene tinkawasamalira kuntchito, ndinakuuzani kuti ankanditcha mwana wawo. Nditawafotokozera pang'ono anati iwonso zimawanyansa, chifukwa anakula nthawi imene chakudya chinkagulidwa mochita kuyeza ndi makuponi, zimene zinatha mu 1954. Anatinso ali mwana kunalibe za maunguzi, ankasema ma turnip, zakudya zozungulira zokumba pansi ngati mbatata, olimba kwabasi mpaka supuni kupindika, ndipo mwambowu anthu a ku Ireland ndi Scotland ndi amene anapita nawo ku America, kumeneko n'kupeza maungu osavuta kusema, kenako unabwerera kuno utasintha. Apo m'pamene tinagwirizana zopanga maungu athu a nsalu, ndipo a manijala anakondwa chifukwa mipeni ndi moto pakati pa okalamba oiwalaiwala n'zosaloledwa kale.

Amene mumafunsa kapangidwe, n'kosavuta. Ndimatenga zidutswa za chitenje zotsala kwa telala, zachikasu, zofiirira, zilizonse. Dulani kansalu kotalika kawiri kuposa m'lifupi mwake, sokani mbali zifupizifupi zija kuti kakhale ngati kathumba kopanda pansi, kenako sokani motalikitsa kuzungulira pansi n'kukoka ulusi kuti pakwinyike patsekeke. Mkati ikani thonje la mapilo akale, musaumire, lidzaze bwino, pamwamba n'kukokanso chimodzimodzi. Chinsinsi chili apa: tengani singano yaitali ndi ulusi wolimba, lowetsani pakati kuchokera pamwamba kutulukira pansi, zungulirani kunja n'kulowetsanso, mukukoka mwamphamvu nthawi iliyonse, mizere ya dzungu ija imangotuluka yokha. Pamwamba matani kamtengo kotola kupaki, kapena sinamoni wa mitengo ngati mukufuna kafungo. Agogo ena zala zinauma ndi nyamakazi, iwowo ntchito yawo inali kusankha nsalu ndi kuika thonje, ndipo ankakangana zenizeni kulimbirana chitenje chokhala ndi mbalame.

Maungu enieni ndimaikanso, koma osawabowola. Ndimawapukuta ndi madzi a viniga, kuwaumitsa, kumanga kansalu pakamtengo kake, masamba ouma m'mbali, basi. Osawanyamulira pakamtengo paja, kakathyoka amayamba kuwola msanga. Akakhala pouma, patali ndi hita, amatha masabata ambiri ali bwinobwino. Novembala akafika ndimaphika. Ndinene zoona, akuluakulu osema aja ngamadzimadzi, sangafanane ndi athu aufa aja a kumudzi, choncho ndimagula ang'onoang'ono kapena butternut. Nthanga ndimakazinga ndi mchere, ana anga amatha mbale ali pa TV.

Bambo a zaufiti inu, pawindo langa palibe chigaza, palibe mfiti, pali chitenje cha malemu amayi anga chimene chinang'ambika ndipo sindikanatha kuchitaya. Ndipo ndakuzindikirani, ndinu omwe aja munalemba pa gawo lachisanu ndi chiwiri kuti mkazi wosiya banja ndi hule. Sindinakuyankheni nthawi ija, lero ndakubulokani.

Gawo lotsatira ndi la mapepala anga ondilola kukhala kuno, mmene anatsala pang'ono kutha ndili ndi ana awiri m'manja, ndi zimene achemwali aja a ku Luton anandichita nditawapempha pogona. Mundipatse nthawi, sabata ino ndili pa shifiti ya usiku.