Kadontho kamene agogo sankakaona

Lolemba ndinalakwitsa ngati wongoyamba kumene ntchito. Nditawagoneka agogo ena aamuna m'makina a MRI, ojambula zam'kati mwa thupi, ndinawauza zimene ndimauza aliyense: "Agogo, muziyang'anitsitsa kadontho kofiira kali pakatipo." Iwo anayankha pamaikolofoni, "Mwanangu, ndikanakhala kuti ndimaona zapakati sindikanabwera kuno." Manyazi anandigwira.

Vuto lawo lili pa macula, kachigawo ka pakati pa retina (mbali ya kumbuyo m'kati mwa diso yolandira kuwala) kosakwana mamilimita 6, komwe timawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Kamatha ndi ukalamba, makamaka munthu akapitirira zaka 50. M'mbali amaona ndithu, koma pakati pamakhala chifunga. Pa kafukufuku wathu sitijambula diso, timajambula ubongo cha kunkhongo, komwe uthenga wa m'maso umafikira. Zapakati zimafikira kunsonga kwenikweni, ndipo zimatenga malo aakulu modabwitsa.

Lachiwiri kadontho kaja tinakachotsa, n'kuikapo mtanda waukulu wofika m'mphepete mwa sikirini, kuti aziona nthambi zake n'kumangoyerekeza pomwe zakumana. Zinatheka. Magalasi awo a chitsulo sangalowe m'chipindamo, choncho tinawaveka apulasitiki. Lachitatu lonse linapita pachabe: munthu anatsokomola, mutu n'kusuntha mamilimita 3, zithunzi zonse n'kuwonongeka.

Lachinayi ndiye panali nkhani. Agogo aja akamangoyang'ana timabokosi takuda ndi toyera tikuthwanima, nsonga ija inali zii. Titawapatsa chochita, kuti azidina batani nkhope ikabwerezedwa, malo omwewo anayaka pakompyuta. Mnzanga anadumpha, amvekere ubongo wadzikonza, wapatsa malo osiyidwawo ntchito ina. Ine ndinamuuza kuti adekhe. Mkanganowu si wa lero: kafukufuku wa 2005 ananena zomwezo, wina wa 2011 sanapeze kusintha kwakukulu koteroko. N'kutheka kuti ndi zigawo zina za ubongo zimene zikubwezera uthenga kumeneko munthu akaika maganizo pa chinthu. Komanso tisaiwale kuti makinawa saona minyewa ikugwira ntchito. Njira imene timagwiritsa ntchito, yomwe wasayansi Seiji Ogawa anaonetsa mu 1990, imatsata mpweya wa okosijeni m'magazi, ndipo magaziwo amachuluka patapita masekondi pafupifupi 5. Mitsempha ya magazi ya okalamba nayonso ili ndi zake. Tinasiyana osagwirizana.

Lachisanu agogo ena aakazi, ndikuwavula zotsekera m'makutu, anandinong'oneza kuti madzulo amaona maluwa ndi tianthu ting'onoting'ono pakhoma, ndipo sanauze ana awo poopa kuti aziti mutu wasokonekera. Ndinawafotokozera kuti zimachitikira ambiri amene maso akutha, kuti ubongo ukasowa zoona umadzipangira zake, ndipo wasayansi Charles Bonnet analemba zimenezi mu 1760 atazimva kwa agogo ake. Ndinawapempha kuti akawauzenso adokotala awo a maso. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati ndingawalembere dzina la Charles Bonnet m'zilembo zikuluzikulu.