Kumene mawu akuti caddie anachokera

Pa masewero a gofu, munthu wonyamula chikwama cha ndodo za wosewera amatchedwa caddie. Pophunzira mbiri ya mawu a Chingerezi ndapeza kuti dzinali linayambira kwa akuluakulu, osati kwa onyamula katundu.

Gwero lake ndi caput, mawu a Chilatini otanthauza mutu. Ku Gascony, kummwera chakumadzulo kwa France, ankati capdet ponena mtsogoleri. Kumeneko chuma cha banja nthawi zambiri chinkagwera mwana wachisamba, choncho ang'ono ake a m'mabanja olemekezeka ankapita kukafuna mwayi ku usilikali wa mfumu ya France. Anachuluka kwambiri mwakuti m'Chifalansa cadet anayamba kutanthauza mwana wamng'ono m'banja, kenako mnyamata wophunzira usilikali. Kadeti amene timamumva kuno ndi yemweyo.

Mawuwa atafika ku Scotland m'zaka za m'ma 1600, anthu anawatchula mwa lilime lawo, nakhala caddie. Gawo limene landikhudza ndi la mzinda wa Edinburgh m'zaka za m'ma 1700. Dzinali linapatsidwa kwa amuna ndi anyamata amaganyu amene ankadikira m'misewu kuti atumidwe: kukatula kalata, kusenza katundu, kuperekeza mlendo kumene akufuna. Anali osauka, koma ankadziwa kakhwalala kalikonse ndi mwini wa khomo lililonse, ndipo anthu ankawakhulupirira. Pafupi pomwepo, ku Leith, ndi kumene malamulo oyamba a gofu analembedwa mu 1744. Sizodabwitsa kuti m'kupita kwa nthawi dzina la wamaganyu wa mumzinda linagwera wonyamula ndodo pabwalo.

Pali nkhani imene ambiri amaikonda, yakuti Mfumukazi Mary ya ku Scotland, imene inakulira ku France, ndiyo inabweretsa mawuwa chifukwa makadeti ankainyamulira ndodo ikamasewera. Palibe zolembedwa za nthawiyo zoikira umboni, ndipo mfumukaziyo inaphedwa mu 1587, mawuwa asanaoneke m'zolemba za ku Scotland. Ine nkhaniyi imandiwawa chifukwa imachotsa anthu a ku Edinburgh aja m'mbiri yawo n'kuikamo munthu wachifumu.

Luso lawo lija ndi limene likufunikabe. Caddie wabwino lero amadziwa mtunda wotsala kukafika padzenje, kumene mphepo ikulowera, ndi kutsetsereka kwa kapinga, ndipo wosewera amamufunsa asanasankhe ndodo.