Katoni ya amalume ku Makwasa

Amalume atapuma pa ubusa anandiitana ku Makwasa kuti ndikatenge mabuku awo chiswe chisanawamalize. Ndinapita Lamulungu pa njinga yamoto, chiperoni chikuwaza m'minda ya tiyi. Pansi pa katoni, kuseri kwa mabuku a nyimbo, ndinapezamo timabuku ta zikuto zopanda chithunzi, totchedwa Andrews University Seminary Studies.

"Awa ndi magazini, amalume?"

Anaseka. "Ndi magazini ndithu mphwanga, koma si owerenga uku ukudikira nsima."

Sananame. Magaziniyi inayamba kutuluka mu 1963 ku seminale ya Adventist ku Berrien Springs, Michigan, ndipo amalembamo ndi aphunzitsi a abusa. Tsamba loyamba lomwe ndinatsegula, theka lake linali timalemba ting'onoting'ono tam'munsi, tosonyeza komwe wolemba anatenga mfundo iliyonse. Munthu amatha masamba ambirimbiri akusanthula liwu limodzi la Chiheberi, mpaka ine ndinayamba kuyasamula. Amalume anandifotokozera kuti nkhani isanasindikizidwe imatumizidwa kwa akatswiri ena, dzina la wolemba atalifufuta. Akaipeza ndi mabowo, imabwezedwa kwa mwini wake.

Apa m'pomwe ndinachita manyazi. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo kangapo konse ndalalikirapo zinthu zongotola pa WhatsApp Lachisanu usiku. Anthu n'kuyankha "Ameni" mokweza, popanda wondifunsa kuti ndazitenga kuti.

Koma ndili ndi dandaulo langa. Mishoni ya Malamulo inayamba mu 1902, pompano pa Thyolo, ndipo agogo athu anaphunzira kuwerenga ndi Buku Lopatulika la 1922. Baibulo limenelo limati Yehova, pomwe Buku Loyera la 1998 limati Chauta. Ndamvapo anthu akukangana za mayina awiriwa pa maliro mpaka moto wa pasiwa kuzima, wina n'kumati Chauta ndi wa makolo opempha mvula, wina n'kumati ayi, ndiye dzina lomwe mtima wathu umalimva. Nkhani ngati imeneyi ikuyenera masamba ake, ndi timalemba take tam'munsi. Ku Zomba, a ku Chancellor College (yomwe pano ndi University of Malawi) akhala akutulutsa magazini ya Religion in Malawi ndi mabuku a Kachere, ndipo kumeneko za kwathu kuno zimalembedwa ndithu, kungoti zambiri n'za m'Chingerezi. Mayi wa Dorika wa ku Thekerani, yemwe mavesi ali nawo pamtima kuposa ine, adzaziwerenga liti?

Ndinafunsa amalume chifukwa chomwe iwo sanalembepo. Anati m'busa woyang'anira mipingo yambiri pa njinga yakapalasa amafika kunyumba miyendo ikunjenjemera, cholembera chingamuthandize chiyani.

Katoni ija ndinaimanga mu pulasitiki n'kuikweza pa njinga. Timabuku titatu tinali titadyedwa kale m'mphepete. Totsalato ndaika pamwamba pa kabati, ndipo nkhani yomwe ndinayamba mwezi watha ndili nayo pa tsamba 9.