Lachitatu m'greenhouse ya tomato: kantchentche kolusa

Dzuwa litangoyamba kutentha, tintchentche ta Coenosia attenuata tinatera kale pa zingwe zomangira tomato ndi m'mphepete mwa masamba a pamwamba, kalikonse pamalo pake. Wosatidziwa angati ndi ntchentche wamba. N'zapachibale ndithu, zonse za banja la Muscidae, koma aka n'kochepa kwambiri, mamilimita 3 kapena 4 basi. Kakamuna n'kotuwa, kumaso kowala, miyendo yachikasu. Kakakazi n'kokulirapo, koderapo, kali ndi mizere yakuda pamimba.

Sikasaka moyendayenda ayi. Kamangokhala duu, kudikira. Kachilombo kakauluka pafupi, kamanyamuka, kukagwira m'malere ndi miyendo, n'kukatera nako, kawirikawiri pomwe kanachokera. Kenako kamaboola ndi mlomo wake wolimba, kuyamwa zam'kati, n'kutaya chikhungwa. Pofuna kutsimikiza kuti ndi iko, ponyani kadothi kakang'ono patsogolo pake: kamathamangira. Ntchentche ya m'nyumba imathawa.

M'mawa wonse tintchentche tolusati tinkagwira ntchentche zoyera (whitefly, tizilombo toyamwa madzi a m'masamba), makamaka mbewu zikagwedezeka pochotsa nthambi. Timadyanso tintchentche ta Liriomyza tolemba mizere m'masamba, ndi tizilombo takuda tooneka ngati udzudzu totuluka m'dothi lonyowa la m'machubu. Timapha zambiri kuposa zomwe timadya, ndipo chakudya chikasowa timadyana tokhatokha.

Koma pasakhale kunamizana. Kantchentcheka kamagwira zouluka zokha. Mazira ndi ana a ntchentche zoyera omata kunsi kwa masamba sikawakhudza, mphutsi za Tuta absoluta za m'kati mwa tsamba nazonso ayi. Choncho masana masamba a m'munsi atembenuzidwa ndi kuyang'anidwa monga mwa nthawi zonse.

Kunazale dothi lasiyidwa lachinyezi. Kakakazi kamaikira mazira m'dothi, ndipo mphutsi zake n'zolusanso, zimadya mphutsi za tizilombo takuda tija. Kutentha kukakhala pa madigiri 25, kuchokera pa dzira kufika pa kantchentche kouluka pamapita pafupifupi milungu 4. Dothi likauma gwa, mphutsizo zimafa.

Kwawo kwa kantchentcheka n'kummwera kwa Ulaya, mu Africa ndi mbali zina za Asia. Ku North America kanapezeka koyamba mu 1999, m'greenhouse ya m'chigawo cha New York, ndipo ku South America kanafikanso. Akatswiri amaganiza kuti kamayenda ndi dothi la mbande zogulitsidwa.

Madzulo poyendera timapepala tachikasu tomata, tina mwa tintchentcheti tapezeka titamatirira limodzi ndi ntchentche zoyera. Timapepalato tachepetsedwa, kwatsala towerengera tizilombo tokha. Mankhwala ophera tizilombo a cypermethrin sapoperedwa sabata ino: amapha tolusati, pomwe ntchentche zoyera m'madera ambiri zinamuzolowera kale. Mizere iwiri ya kukhomo, komwe ana a ntchentche zoyera achuluka, ithiridwa madzi a nimu mawa m'bandakucha, kunsi kwa masamba kokha.