Zomwe ndaphunzira pa mabuleki a Morris Minor ya agogo

Mwezi wachitatu uno ndikuphunzira za mabuleki a dramu pa garaja ina kuno ku Mangochi boma, ndipo galimoto yophunzirirapo ndi Morris Minor 1000 ya malemu agogo, yomwe inakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambirimbiri. Ndikufuna tsiku lina idzaonetsedwe ku chionetsero cha magalimoto akale, ndiye nkhani siyongoti iziima ayi, chilichonse chibwerere mmene chinatulukira ku fakitale, ngakhale kuseri kwa tayala komwe anthu ambiri sasuzumirako.

Tsiku loyamba ndinalakwitsa. Ndinamasula mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, masipuling'i ndi ma shoe (tizitsulo topindika timene timakanikiza mkati mwa dramu kuti tayala liime) nkuunjika mbeseni, pobwezera mutu unaima. Madala amene akundiphunzitsa anangoti, "Mwana wanga, umayamba mbali imodzi, inayo ndi buku lako." Panopa ndimajambula kaye pa foni ndisanagwire sipanala. Anandiletsanso kuuzira fumbi la mkati mwa dramu ndi pakamwa, ma lining akale, zomata pa ma shoe zokhuzana ndi dramu, amakhala ndi asbestos yemwe fumbi lake limawononga mapapo, timapukuta ndi kansalu konyowa.

Mabuleki ake ndi a kampani ya Lockheed. Kutsogolo tayala lililonse lili ndi masilinda awiri, shoe iliyonse ndi yake, kuti onse aziluma dramu mwamphamvu galimoto ikamapita chakutsogolo, pomwe kumbuyo silinda ndi imodzi basi ndipo handibuleki imagwira komweko. Potchuna sumachotsa dramu, pali kabowo pa dramu pomwepo, umalowetsa sikuludiraiva nkumazunguza ka adjasta, kakumveka kuti ke ke ke mpaka tayala litagwira, kenako umabweza pang'ono. Master cylinder, silinda yaikulu yokankha mafuta a mabuleki kupita ku matayala, ndinaisaka ku injini mpaka thukuta kamukamu ndi kutentha kwa kunoku, chonsecho ili pansi pa mapazi a dalaivala!

Koma chandivuta mumtima ndi ichi. Munthu wina anandipezera madramu akutsogolo a mainchesi 8, abwinobwino, opanda dzimbiri. Ine chimwemwe. Madala atayang'ana nambala ya injini anapukusa mutu, yathuyi ndi ya 948cc ndipo inabwera ndi a mainchesi 7, a 8 aja anayamba mu 1962 pamodzi ndi injini ya 1098cc. Zoona akuluwo amagwira bwino, ndipo ukaganiza zotsika phiri la ku Namwera lija umawafunadi. "Ukufuna ya pamsewu kapena ya chionetsero?" anandifunsa. Sindinagone nazo bwino, koma ndasankha a 7, ndi omwe agogo ankapondera. Kumapiri sindidzapita nayo, njira ya ku Monkey Bay yokha ikwana.

Madramu akalewo tawayeza, sanadye kwambiri mkati. Dzulo ndawapala dzimbiri ndi sandipepa nkuwapaka penti yakuda kunja kokha, mkati mogwira ma shoe simufika penti kapena girizi. Chatsala ndi timasikulu tiwiri togwira dramu, tina tinathyoka pomasula, Loweruka ndikasaka ku Limbe.